Kafiyu ndi Mwana Wopanda Dzina

Kalekale, tiyi atangoyamba kuzolowera nthaka ya m'mapiri a kummwera, kunali esiteti ina kumene antchito ankagona m'malaini. Malainiwo anali timanyumba ta udzu tomangidwa mondondozana, madenga ogundana, moti munthu akayetsemula m'nyumba yoyamba, wa m'nyumba yachitatu ankamupepesa. M'kanyumba kamodzi munkakhala Sikweya, wothyola tiyi, ndi mkazi wake Dorika, amene anali ndi mimba yoyamba. Ndikuuzirenitu kuti mitima ikhale m'malo: mwana wa m'nkhaniyi sanafe ayi. Anakula mpaka kuona zidzukulu. Mlandu umene ndabwera nawo ndi wa dzina lake.

Chilimwe china moto unabuka m'malainimo. Unayambira m'nyumba ya Anamaseko, mayi wamasiye amene ankakonda kugona chikuni chikunyeka, ndipo mphepo itaugwira unanyambita mzere wonse wa nyumba. Sipanafe munthu, koma Sikweya anatuluka ndi kabudula yekha. Bulangete lake latsopano, limene analivutikira mpaka manja kuchita matuza, linapsera momwemo. Nyumba zinamangidwanso, koma mtima wa Sikweya sunamangike. Analumbira kuti Anamaseko sadzawapatsanso moni, ndipo analetsa Dorika kuponda pakhomo pawo.

Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Bwana wa esitetiyo, mzungu wosakonda kubwereza mawu, anasonkhanitsa anthu onse, kapitawo n'kulengeza kuti kuyambira tsiku limenelo m'malaini mukhala kafiyu. Anthu anayang'anana. Ena ankati ndi mankhwala a malungo, ena ankati ndi msonkho watsopano. Amene anabweretsa tanthauzo lake ndi khukhi wa kwa bwana, atafunsa dona, mkazi wa bwanayo, uku akusenda mbatata.

"Akuti ngakhale Angereziwo mawuwa si awo," anatero khukhi. "Anachita kubwereka kwa Afalansa, ndipo kumeneko amatanthauza kuti vundikira moto. Kale kwawoko nyumba zinali zosachedwa kupsa ngati zathuzi, ndiye madzulo belu likalira, aliyense ankavundikira moto wake n'kukagona. Kenako za motozo zinaiwalika, mawuwo n'kutsala akutanthauza nthawi imene munthu saloledwa kuyenda panja."

Akazi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Munthu kuwoloka nyanja yamchere kudzaphunzitsa anthu kufotsera moto ndi phulusa, chinthu chimene mtsikana aliyense amachidziwa asanathe msinkhu! Ngakhale lero, boma likalengeza kafiyu kapena bambo akaikira ana ake kafiyu pakhomo, aliyense amangomva zoti kukada osayenda. Za phulusa palibe amene amazikumbuka.

Koma kusekako sikunapite patali. Kapitawo ananena kuti phulusa ndi labodza, moto wofotsera ndi moto ndithu, ndiye kafiyu wa pa esiteti imeneyi akhala wa madzi. Chidutswa cha njanji chinapachikidwa pa mtengo wa bulugamu kuti chikhale belu. Chikangolira kutada, mlonda ankayenda khomo ndi khomo ndi ndowa, n'kumathira madzi pa mafuwa. Wopezeka ndi moto, kapena wopezeka akuyenda panja, ankasenzetsedwa mtolo wake n'kuchoka pa esiteti. M'mawa moto unkachokera kukhitchini kwa bwana, akazi n'kuima pamzere ndi mapale awo, nthawi ya ntchito ikuwathera.

Mlondayo anali a Mwakhiwa, munthu wamkulu amene anagwirapo usilikali. Ankavala chikhoti chachikulu chimene bwana anawapatsa, ndipo ankachinyadira kuposa china chilichonse. Pa lamulo sankaona nkhope. Ankayambira kuthira madzi pa moto wa mkazi wawo, kuti wina asadzanene kuti amakondera.

Panalinso Sandalamu, mlongo wake wa Dorika, amene ankakhala nyumba yogundana ndi ya Sikweya. Mwambo wa kwawo unali wakuti mkazi wa mimba yoyamba akachirire kwa mayi ake, ndipo womuperekeza ndi mlongo wake, mwini mbumba. Dorika anamukumbutsa kangapo. Koma Sandalamu anali munthu wa mawamawa, ndipo Lamulungu lililonse, tsiku lokhalo lopuma, kunkapezeka kuti kwinakwake aphika masese. "Masiku akadalipo, achemwali," ankatero. "Sabata ya mawayi tinyamuka."

Tsoka silinunkha. Mwezi wa Juni unafika ndi mphepo ya chiperoni, mvula ya mawawa yosakata, kuzizira kolowa m'mafupa. Madzulo ena Dorika anayamba kudandaula m'chiuno, masiku ake asanakwane n'komwe. Belu litalira, a Mwakhiwa anafika ndi ndowa yawo, ndipo Sikweya anaima pakhomo.

"Abambo, lero lokha tisiyireni," anapempha. "Mayi kuno sakupeza bwino."

"Ndikakusiyirani inu, mawa mzere wonse sukupeza bwino," anayankha a Mwakhiwa. Anathira madziwo, phulusa n'kufuka, iwo n'kupitirira khomo lina.

Usiku utakula, matenda nawo anakula. Sikweya anagogoda khoma la mlamu wake. Sandalamu atamva kubuula kwa mlongo wake, mowa wonse unamuthera m'mutu. Azamba odziwika ankakhala kunja kwa esiteti, kutsidya kwa mtsinje, ndipo njira yake inkadutsa m'nkhalango ya bulugamu mmene anthu ankati mumayenda kambuku. Sandalamu sanafunse nyali, sanafunse womuperekeza. Anangomanga lamba.

"Alamu," anatero Sikweya atamugwira dzanja, "mukabwera nawo azambawo, mwanayu akakhala moyo, dzina mudzatcha ndinu."

Sandalamu anatulukira kuseri, n'kukwawa m'mizere ya tiyi kuti mlonda asamuone. Mtsinje anaupeza utadzaza, madzi ozizira ofika m'chifuwa. Azamba atafika pagombe anakana kuwoloka, akuti sanabadwire kudzafera mwana wa eni. Sandalamu anawabereka kumsana, iwo akumutukwana kuyambira tsidya lino mpaka tsidya linalo. Mwala wakuthwa unamung'amba phazi pakati pa madzi, koma sanawagwetse. Anafika nawo pakhomo la Sikweya akutsimphina, mano akugundana.

Mwamuna salowa kumene akazi akuchira, ndiye Sikweya anatsala pakhonde, akumvetsera. Anamva mkazi wake akubuula, anamva azamba akukalipa, kenako kunangoti zii. Patapita nthawi anamva kakulira kochepa, konga ka mwana wa mphaka, ndipo nakonso kanasiya. Chitseko chinatseguka pang'ono.

"Ndi wamkazi," anatero azamba. "Anabwera atazingwa ndi mchombo m'khosi, ndamudzutsa. Koma ndi wosakwana masiku, ndipo wazizidwa. Ndamuika pachifuwa pa mayi ake, koma mayi akewo akunjenjemera. Bulangete lili kuti?"

"Linapsa," anatero Sikweya.

"Ndiye pezani moto. Popanda moto mwanayu saona dzuwa."

Madzi anafika m'khosi. Machesi masiku amenewo anali a kwa bwana. Sikweya anayesa kupeka moto ndi timitengo, koma chilichonse chinali chitanyowa ndi chiperoni, ndipo anangochubula manja. Tsono iye ankadziwa chimene mzere wonse unkadziwa koma osachinena. M'mawa uliwonse, anzawo ali pamzere wa moto wa bwana, akazi ena ankazemba n'kulowa kwa Anamaseko, n'kutuluka atabisa mapale m'nsalu. Mayiwo anali asanasiye khalidwe lawo. Belu lisanalire ankatapa khala la mtengo wolimba, kuliika m'phale, kulifotsera ndi phulusa, n'kulivundikira ndi mphika wakale kunsi kwa kama. A Mwakhiwa ankathira madzi pa mafuwa, moto weniweni uli phee pambali pa phazi lawo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sikweya anameza lumbiro lake, n'kuyenda chowerama mpaka pakhomo limene analetsa mkazi wake kupondapo.

"Ndani?" anafunsa Anamaseko.

"Ndine Sikweya, mayi."

"Sikweya wake uti? Amene ndimamudziwa ine alibe pakamwa."

"Mayi, ndithandizeni moto."

"Moto? Muno anathira madzi a Mwakhiwa. Kapena akutumani kuti mudzandiyese?"

"Dorika wachira. Mwana akuzizira, wasiya kulira."

 Anamaseko ankadziwa kuti anthu sanaiwale za moto uja, ndipo akangopezekanso ndi khala, palibe amene akanawalankhulira. Analibe mwamuna, analibe mudzi wobwererako. Sikweya anamva mphika ukukhwekhwereza pansi, kenako chitseko chinatseguka, phale lofunda n'kuikidwa m'manja mwake.

"Ndi limodzi lomweli," anatero mayiwo. "Mukaligwetsa, kwatha. Tsogolani, ine ndikubwera ndi nkhuni zouma."

Misozi inamulengeza Sikweya. "Mayi, mwanayu akakhala moyo, dzina mudzatcha ndinu."

Musamuweruze msanga, inu. Munthu wamantha amalonjeza ng'ombe alibe ndi khola lomwe. Panthawiyo Sikweya sankakumbuka kuti mawu omwewo anali atawapereka kale kwa mlamu wake.

Ali pakati pa njira, mphepo inauluza phulusa, khala lija n'kuyamba kuwala mumdima. Mawawa ankagwera m'phalemo, khala likulira tsii, tsii. Nyumba ya kapitawo inali kumapeto kwa mzere, ya bwana pamwamba pa phiri, ndipo onse awiri akanatha kuona kuwalako akanangosuzumira panja. Sikweya atadzutsa mutu anapeza a Mwakhiwa ataima kutsogolo kwake, chibonga chili m'manja. 

A Mwakhiwa anayang'ana khalalo nthawi yaitali.

"Wabadwa?" anafunsa.

"Wabadwa, abambo."

"Walira?"

"Analira pang'ono. Wasiya."

Mkuluyo anasomeka chibonga m'lamba. Anamasula mabatani a chikhoti chake, n'kuchitambasula, kuphimba phale ndi Sikweya yemwe, kuti mvula isazimitse moto ndipo maso a pamwamba asauone. Anayenda choncho awiriwo, mutu wa Sikweya uli kunkhwapa kwa mlonda, mpaka pakhomo. Ali m'chikhotimo, Sikweya ananong'ona kachitatu mawu ake aja: "Abambo, akakhala moyo, dzina mudzatcha ndinu." Atafika, a Mwakhiwa anavula chikhoticho n'kuchipereka kwa azamba kuti afunditse mayi ndi mwana. Iwo anatsala pakhonde ndi malaya opyapyala, akulondera moto umene anayenera kuuthira madzi.

Anamaseko analowa ndi nkhuni zawo, n'kugwada, kuuzira khala lija mpaka malawi anadzuka. Amuna atatu anakhala panja, Sikweya, a Mwakhiwa ndi Sandalamu wa phazi lomanga sanza, palibe wolankhula. Utsi unayamba kutuluka m'denga. Kum'mawa kutayamba kuyera, m'nyumbamo munamveka kulira, osati kwa mwana wa mphaka kuja, koma kulira kwa munthu wolusa amene akufuna bere msangamsanga. Azamba anaseka. Sandalamu anagwira kumaso. Sikweya anakhala pansi m'matope, akuseka ndi kulira nthawi imodzi, ndipo mtima umene unali m'mwamba usiku wonse unatsika n'kukhala m'malo mwake. Sanamvepo nyimbo yokoma ngati phokoso limenelo.

Koma utsi subisika. Kapitawo anafika moto wa bwana usanatsike phiri, n'kufunsa kuti moto uwu wachokera kuti. Sikweya anatsegula pakamwa, koma a Mwakhiwa anamutsogolera.

"Dzulo nyumba iyi sindinathiremo madzi," anatero. "Ndinaona mayi akudwala, ndinadutsa dala. Azambawa ndinawalowetsanso ndine. Mlandu ndi wanga."

Linali bodza loyamba la mkuluyo chiyambire ulonda, ndipo linaphimba onse. Za mphika wa Anamaseko sizinatuluke, za ulendo wa Sandalamu sizinafunsidwe, Sikweya sanasenze mtolo. Amene anasenza ndi a Mwakhiwa. Tsiku lomwelo analandidwa chibonga, ndowa ndi chikhoti chija, n'kukakhala ndi mkazi wawo kutsidya kwa mtsinje, kumene anayamba kulima m'minda ya eni pa ukalamba wawo.

Mwanayo anayamwa, ananenepa, mchombo unagwa. Tsiku lotuluka m'chikuta linafika, limene mwana amatchedwa dzina. Azamba anadzichotsamo okha. "Yanga ndi nkhuku," anatero, "za maina zionereni." Anaitenga nkhuku yawo n'kupita. Sikweya anasesa pakhomo, anayala mphasa, ali wosangalala kwambiri. Atacheuka anaona Sandalamu akubwera motsimphina, Anamaseko akubwera atavala nsalu yawo ya ku tchalitchi, ndi a Mwakhiwa akukwera chitunda kuchokera kutsidya. Aliyense anali ndi mkanda m'dzanja. Apa m'pamene Sikweya anakumbuka pakamwa pake, ndipo thukuta linamutuluka m'nyengo yozizira.

Wina anena kuti bwanji osangomupatsa maina atatu. Kumeneko sizinkatero. Dzina la m'chikuta linali limodzi, ndipo wotcha dzina ankamangira mwana mkanda padzanja, n'kukhala kholo lake lina mpaka imfa. Mwana akadwala ankadziwitsidwa ndi iyeyo, akadzakwatiwa ankakhala pamphasa ya kutsogolo. Mikanda itatu pa kadzanja kamodzi inali kunyoza onse atatu.

Sandalamu anayamba. "Ine ndinalowa m'nkhalango ya kambuku opanda nyali. Ndinabereka munthu wamkulu m'madzi ofika m'chifuwa, ndipo phazi ili silidzapondanso bwino. Azamba akanapanda kufika, mwanayu anabadwa atazingwa, moto wanuwo ukanawotha ndani?" Anamaseko anamuyankha kuti akanaperekeza mlongo wake pa nthawi yake m'malo molondola masese, mwana akanabadwira m'manja mwa agogo ake, pafupi ndi moto wopanda belu.

Anamaseko ananena zawo. "Ine ndinapereka khala langa lokhalo kwa munthu amene ankandidutsa ngati chitsa. Ndinaulula chinsinsi chimene chikanandichotsa pano, ine wopanda kolowera. Azamba ananena okha kuti popanda moto mwana saona dzuwa." A Mwakhiwa anatsokomola, n'kunena kuti pakanapanda chikuni cha mayiwa chilimwe chija, bwenzi kulibe kafiyu, ndipo bulangete la Sikweya likanakhala lilipo.

A Mwakhiwa analankhula pomaliza, mwachidule monga mwa khalidwe lawo. "Khala lija likanazima ndi mvula, kapena likanaonedwa. Ndinaliphimba. Anzangawa abwerera m'nyumba zawo, ali pa ntchito zawo. Ine ndilibe nyumba, ndilibe ntchito, ndilibe chikhoti." Sandalamu sanachedwe kuwakumbutsa kuti moto unalimo kale m'nyumbamo madzulo aja, ndipo anauthira madzi ndi manja awo, mwini nyumba akuwachonderera.

Sikweya anagwira njakata. Akayang'ana phazi la mlamu wake, mtima unkati ndi ameneyu. Akayang'ana Anamaseko, ankamva kufunda kwa phale lija m'manja mwake. Akayang'ana a Mwakhiwa ali m'malaya opyapyala, ankachita manyazi kudzutsa maso. Aliyense anali ndi dzanja pa tsokalo, aliyense anali ndi dzanja pa chipulumutso, ndipo aliyense anamva lonjezo ndi makutu ake. Komabe pansi pa zonsezo munthuyo anali wokondwa, poti mlandu wa dzina umakambidwa pamene pali mwana wamoyo.

Dzuwa linakwera, anthu a m'malaini anadzaza pabwalo, ena akuti uyu, ena akuti uyo. Kenako Dorika anatuluka m'nyumba, mwana ali m'manja, akuphethira poona kuwala koyamba. Mwa mwambo, kuyambira tsiku limenelo mkazi sankaitananso mwamuna wake ndi dzina la paubwana, koma ndi dzina la mwana. Anagwada pafupi ndi Sikweya, n'kuyang'ana mikanda itatu ija.

"Phala lapsa, alendo adye," anatero chapansipansi. "Koma ndiuzeni kaye. Ndikuitaneni bambo a ndani?"

Yankho la funso limenelo ine amene ndikukamba ndilibe. Nkhaniyi ndaitula pamaso panu, inu amene mwakhala mukumvetsera. Mwana uja akudikira ndi kadzanja kopanda mkanda. Kodi amangidwe wa Sandalamu amene anawolotsa azamba, wa Anamaseko amene anasunga khala pansi pa phulusa, kapena wa a Mwakhiwa amene anavundikira moto ndi chikhoti chawo n'kutaya zonse? Mukanakhala Sikweya, dzina mukanapatsa ndani kuti atche?